Kuchuluka kwa ntchito m'gawo la magetsi a dzuwa ndi mabatire

Gawo la magetsi a dzuwa ndi mabatire limaphatikiza ntchito zonse zimene zimagwiridwa kuti kuwala kwa dzuwa kusanduke magetsi, ndiponso kuti magetsiwo asungidwe mpaka nthawi imene akufunika. Muli okumba ndi kuyenga miyala, opanga mapanelo ndi mabatire m'mafakitale, ogulitsa, mainjiniya ojambula mapulani, amisiri omanga mapanelo pamadenga ndi kulumikiza mawaya, komanso otsuka, olondera ndi okonza zikawonongeka. Bungwe la IRENA, limene likulu lake lili ku Abu Dhabi, limawerengera ntchitozi chaka ndi chaka, ndipo posachedwapa lakhala likuchita zimenezi pamodzi ndi bungwe loona za apantchito padziko lonse la ILO. Mu 2012 ogwira ntchito za mapanelo a dzuwa anali pafupifupi 1.4 miliyoni. Mu 2022 anafika 4.9 miliyoni, ndipo mu 2023 anadutsa 7 miliyoni, mwa anthu 16.2 miliyoni amene ankagwira ntchito zonse za mphamvu zochokera ku dzuwa, mphepo, madzi ndi zomera. Ziwerengerozi n'zoona, koma zimasakaniza mitundu iwiri ya ntchito imene imayenda mosiyana: zopanga zipangizo, zimene zimaunjikana malo ochepa, ndi zoika zipangizozo, zimene zimapita kulikonse kumene kukumangidwa.

Chimene chayambitsa kukula konseku ndi kutsika kwa mitengo. Lamulo limene dziko la Germany linakhazikitsa mu 2000 linalonjeza aliyense wopanga magetsi a dzuwa mtengo wokhazikika kwa zaka 20, ndipo msika umene linatsegula unakopa mafakitale a ku China kuti apange mapanelo ochuluka kwambiri. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo mabatire a lithium anatsata njira yomweyo chifukwa cha galimoto zoyendera magetsi. Batire ndi limene lathetsa vuto lalikulu la sola, loti dzuwa limalowa nthawi imene anthu akuyatsa magetsi ndi kuphika chakudya chamadzulo. Batire lalikulu la Hornsdale, limene kampani ya Tesla inamanga ku South Australia mu 2017 ndi mphamvu ya mamegawati 100, linaonetsa kuti mabatire angathe kukhazikitsa magetsi a chigawo chonse, ndipo kuchokera pamenepo aakulu kuposa limenelo achuluka ku California, ku Texas ndi ku China. Ntchito za mabatire n'zovuta kuziwerengera pazokha chifukwa mmisiri amene amamanga mapanelo nthawi zambiri ndi yemweyo amene amaika batire ndi inveta. Chimene batire limachita ndi kukweza luso lofunika: pamafunika wodziwa bwino mawaya, wodziwa kuteteza moto, ndi wodziwa mapulogalamu a pakompyuta amene amalamula nthawi yotchaja ndi yotulutsa magetsi.

Ntchito za m'mafakitale zapita pafupifupi zonse kumalo amodzi. Mwa ntchito za mapanelo zopitirira 7 miliyoni za mu 2023, zokwana 4.6 miliyoni zinali ku China, ndipo bungwe loona za mphamvu padziko lonse la IEA linapeza mu 2022 kuti dzikolo lili ndi gawo loposa 80 peresenti pa sitepe iliyonse yopangira mapanelo, kuyambira pa kuyenga silicon mpaka panelo lomalizidwa. Makampani monga LONGi, JinkoSolar ndi Trina Solar pa mapanelo, komanso CATL ndi BYD pa mabatire, amapanga zinthu zochuluka moti wopikisana nawo amavutika kufika pa mtengo wawo. Germany, imene inatsegula msikawo, inaona kampani yake ya Q-Cells ikugwa mu 2012 n'kugulidwa ndi Hanwha ya ku South Korea, kenako SolarWorld inagwanso mu 2017. Kampani ya Northvolt ya ku Sweden, imene Ulaya unkadalira pa mabatire, inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2025. Africa yense, ngakhale ali ndi dzuwa lochuluka chonchi, anali ndi ntchito pafupifupi 324,000 zokha pa mphamvu zonse za mtunduwu mu 2023.

Ntchito yoika ndi kusamalira zipangizo siingakwezedwe m'sitima yapamadzi, ndipo apa ndi pamene mayiko ambiri ali ndi mwayi weniweni. IRENA inawerengera kuti malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 50 amafuna masiku a ntchito pafupifupi 230,000 pa moyo wake wonse. Kupanga zipangizo kumatenga 22 peresenti yokha, kumanga ndi kulumikiza ku nthambo za dziko kumatenga 17 peresenti, pamene kuyendetsa ndi kukonza kumatenga 56 peresenti. Dziko la United States likuchitira umboni zimenezi. Kalembera wa ogwira ntchito za sola amene amachitika kumeneko kuyambira 2010 anapeza anthu pafupifupi 93,000 m'chaka choyamba, 260,000 mu 2016 ndi 279,000 mu 2023, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali m'makampani oika mapanelo ndi kukonza mapulojekiti. Zonsezi zinkachitika pamene mapanelo ambiri ankagulidwa kunja. Ndiye kuti panelo lotchipa la kunja limapha ntchito ya m'fakitale koma limabala ntchito ya padenga, ndipo boma limene likukweza msonkho wa mapanelo pofuna kuteteza fakitale liyenera kuwerengera mbali zonse ziwiri.

Ena amati ntchito zimenezi ndi ganyu chabe, ndipo mawu awo ali ndi maziko. Malo aakulu amalemba anthu mazanamazana kwa miyezi ingapo, akamaliza kumanga ambiri amabwerera kwawo. Masiku a ntchito yoyendetsa ndi kukonza aja akagawidwa pa zaka 25, amatsala okwanira anthu pafupifupi 20 okha pa chaka. Komabe umu ndi mmene ntchito ya zomangamanga imakhalira kulikonse: mmisiri wa nyumba sadya nyumba imodzi moyo wake wonse, amadya chifukwa ikatha iyi pamakhala ina yomudikira. Chofunika ndi mndandanda wa mapulojekiti wosaduka, ndipo umenewo umadalira malamulo osasinthasintha. Germany itadula mwadzidzidzi mtengo wogulira magetsi a dzuwa cha m'ma 2012, ntchito za sola zinatsika ndi oposa theka m'zaka zochepa. Ku United States chiwerengero chinatsika mu 2017 ndi 2018, nthawi ya mkangano wa misonkho ya mapanelo ochokera kunja, chinatsikanso mu 2020 chifukwa cha Covid-19, kenako chinayambanso kukwera mu 2021 n'kupitiriza kukwera lamulo la 2022 lothandiza mphamvu zosawononga chilengedwe litabwera. Lamulo lina la mu July 2025 linathetsa kuchotsera msonkho kwa eni nyumba oika sola, ndipo msika wa eni nyumbawu ndi umene umalemba amisiri ambiri pa megawati iliyonse.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha anthu a m'migodi ya malasha ndi m'malo owotchera malasha. Padziko lonse, IEA imati ogwira ntchito za mphamvu zosawononga chilengedwe anaposa a mafuta, gasi ndi malasha kuyambira 2021. Koma ntchito yatsopano siibadwira pamene yakale yafera. Kampani ya Eskom ya ku South Africa itatseka malo owotchera malasha a Komati ku Mpumalanga mu October 2022, World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 497 miliyoni zoikira sola, makina amphepo ndi mabatire pamalopo, koma kutseka kunabwera msanga kuposa kumanga, ndipo anthu a m'deralo anamva kuwawa kwake. Phunziro la Komati ndi la ndondomeko: kuphunzitsa anthu ndi kuyamba kumanga ziyenera kutsogola.

Ku Malawi nkhaniyi inayamba kuoneka ndi maso mu 2021 pamene kampani ya JCM Power inatsegula malo a mamegawati 60 ku Salima, kenako mu 2022 malo a Golomoti ku Dedza a mamegawati 20 okhala ndi batire la mamegawati 5. Chaka chomwecho namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunakankhira mabanja ndi mabizinesi ambiri ku sola. Mu 2024 ESCOM inayamba ntchito ya batire la mamegawati 20 ku Kanengo. Mayiko ena a m'chigawo chino cha Africa ali ndi miyala yopangira mabatire: Democratic Republic of Congo imakumba pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko lonse lapansi, ndipo Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja lithium wosayenga mu December 2022 pofuna kuti ntchito yoyenga izigwiridwa komweko. Kwa Malawi, ntchito zofikirika msanga ndi za mapampu a ulimi wothirira, magetsi a m'zipatala ndi m'sukulu za kumidzi, kugulitsa nyale za sola zolipira pang'onopang'ono pafoni, kukonza mainveta ndi kusonkhanitsa mabatire akutha. Zonsezi zimafuna amisiri ophunzitsidwa m'makoleji a TEVETA kapena pa Mzuzu University, okhala ndi chiphaso cha MERA, chifukwa sola yoikidwa mwachisawawa imafa msanga n'kuthawitsa ogula ena. IRENA inapezanso kuti amayi ndi 40 peresenti ya ogwira ntchito za mapanelo, pafupifupi kuwirikiza kawiri gawo lawo pa mafuta ndi gasi, koma ambiri ali m'maofesi ndi m'mafakitale, pamene pa ntchito yomanga ndi kulumikiza mawaya akadali ochepa kwambiri.