Machona ndi Chikalata cha Unzika

M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, amuna ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a fodya. Ena analembedwa ndi bungwe la Mthandizi, ena anayenda okha wapansi. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona.

Ana awo anabadwira komweko, komabe ziphaso za ambiri zinalembedwa kuti ndi alendo. M'chaka cha 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake anapatsidwa miyezi 6 yokha kuti akane unzikawo motsata malamulo a dziko limenelo. Nthawi inatha ambiri asanathandizidwe. Motero unzika wa Zimbabwe unawapulumuka, pomwe wa Malawi analibe umboni wake, ndipo pa chisankho cha 2002 ambiri sanaponye voti.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo pofika 2019 lamulo la Malawi linalola unzika wa maiko awiri. Koma maofesi amafunabe chikalata chosonyeza kumene kholo linabadwira, chikhalirecho kholo lija linamwalira pa famu lilibe pepala lililonse. N'chifukwa chake adzukulu ena akudikirabe.

Abale amene muli kunyanja kuno, lembani mayina a amene anachona, mudzi wawo ndi mfumu yawo, akuluakulu owakumbukira akadali moyo.