Anthu Amene Anamanga Kitimat, Mzinda wa Aluminiyamu

M'nyumba zambiri za omvera muli poto wa aluminiyamu, kapena ketulo, kapena supuni, koma ndi ochepa amene amafunsa kumene chitsulo chopepukachi chimachokera. Makolo akale ankayenga chitsulo chakuda m'ng'anjo, pogwiritsa ntchito makala ndi mvukuto, koma aluminiyamu samvera makala. Iye amafuna magetsi, ndipo magetsi ake ndi ochuluka kotero kuti fakitale yomuyengera imamangidwa kufupi ndi madzi amphamvu, ngakhale kukhale kutchire kopanda msewu. Anthu amachita kulondola pambuyo. Nkhani ya lero ndi ya mzinda umodzi umene unabadwa motero, mzinda wa Kitimat m'chigawo cha British Columbia, kumadzulo kwa dziko la Canada, ndiponso ya anthu amene anaumanga.

Poyamba nkoyenera kudziwa chifukwa chake magetsi ali mutu wa nkhaniyi. Aluminiyamu amachokera m'dothi lotchedwa bauxite, longa limene limapezeka pamwamba pa phiri la Mulanje. Matani anayi a dothili akatsukidwa amapereka matani awiri a ufa woyera wotchedwa alumina, ndipo ufawo ukayengedwa umatulutsa tani imodzi ya chitsulo. Njira yoyengera inatulukiridwa m'chaka cha 1886 ndi anyamata awiri osadziwana, Charles Martin Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France. Ufa uja amauthira m'miphika ikuluikulu yotentha madigiri oposa 900, ndipo magetsi amadutsa m'miphikamo usana ndi usiku. Magetsi akathima kwa maola angapo, zam'kati mwa mphika zimauma gwa, ndipo mphikawo amachita kuugumula ndi nyundo.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kampani ya Aluminum Company of Canada, imene ambiri ankangoitchula kuti Alcan, inali kufunafuna malo atsopano. Mainjiniya ake anaona kuti kum'mawa kwa mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Pacific kuli nyanja zambiri zazing'ono, zokhala pamalo okwera, zimene madzi ake ankatsikira kum'mawa mumtsinje wa Nechako. Anaganiza zotseka mtsinjewo, kubweza madzi kuti alowere kumadzulo, kuboola phiri, ndi kugwetsera madziwo kunsi kufupi ndi nyanja yamchere. Boma la British Columbia linavomera mu December 1950, ndipo ntchito inayamba mu 1951, m'malo anayi otalikirana, nthawi imodzi.

Gulu loyamba linali la omanga damu. Iwo anayamba alambula msewu kuchokera ku tauni ya Vanderhoof, kenaka nkuunjika miyala ndi dongo pampata wa mtsinje kufikira khoma linafika mamita 97 msinkhu wake ndi mamita oposa 450 m'litali. Damulo, lotchedwa Kenney, linatha mu 1952, koma madzi anatenga zaka mpaka 1957 kuti adzaze nyanja yatsopano.

Gulu lachiwiri ndilo linaona zoopsa koposa. Amenewa anali oboola phiri la DuBose, kukumba ngalande ya makilomita 16 m'thanthwe lokhalokha, kuyambira ku nyanja ya Tahtsa kukatulukira ku chigwa cha Kemano. Ena anayambira kum'mawa, ena kumadzulo, ena analowera pakati, ndipo ankasinthana usana ndi usiku: kuboola mwala, kutchera zophulitsira, kuthawa, kudikira utsi, kututa zibuma, ndi kuyambanso. Madzi ozizira ankadontha pamitu pawo, phokoso la makina linkagonthetsa m'khutu, ndipo ena anatsikira kulichete m'phirimo. Magulu okumbawo anakumana pakati pa phiri mu December 1953. Kumapeto kwa ngalandeyo madzi amatsika mamita pafupifupi 800 kukazunguza makina opukusa magetsi, amene anaikidwa m'phanga lalikulu losemedwa m'kati mwa phiri lomwelo.

Gulu lachitatu linayala nthambo zamagetsi makilomita 82, kuchokera ku Kemano, kudutsa pampata wa mapiri wotchedwa Kildala, kukafika ku Kitimat. Kumeneko kunalibe njira ngakhale ya bulu, kotero kuti anthu, zitsulo ndi chakudya zinkanyamulidwa ndi mahelikopita, amene masiku amenewo anali chinthu chachilendo pa ntchito ya zomangamanga. Amuna ankagona m'matenti pamwamba pa mapiri, pakati pa chipale chofewa, ndipo mitambo ikaphimba ankakhala masiku osaona ndege yowabweretsera phoso.

Gulu lachinayi linatsikira pagombe la Kitimat penipeni, kumapeto kwa khwawa lalitali la nyanja yamchere lotchedwa Douglas Channel. Anapeza nkhalango yamitengo ikuluikulu, madambo, mvula yosakata, ndi zimbalangondo. Njanji inali isanafike, msewu unalinso kulibe. Munthu ankabwera pa sitima yapamadzi kapena pa ndege yotera pamadzi. Asanamange fakitale anayamba akwirira dambo ndi mchenga ndi miyala kuti nthaka ilimbe, ndipo anakumba doko lofikira sitima zobweretsa alumina kuchokera ku chilumba cha Jamaica.

Malo ogona ndiwo anali mavuto. Amuna ankakhala m'misasa, ambiri m'chipinda chimodzi, nkumadyera m'nyumba imodzi yaikulu. Mu 1952 kunabwera sitima yakale yotchedwa Delta King, imene kale inkanyamula anthu aulendo pakati pa San Francisco ndi Sacramento ku California. Anaikokera m'dzenje lokumbidwa m'mbali mwa gombe, natseka kumbuyo kwake, ndipo sitima imene inkayenda ndi nyimbo ndi magule inasanduka komboni ya amuna otopa. Inakhala pamenepo kufikira 1959, pamene inabwezedwa ku California. M'misasamo munalibe mabanja. Munthu akaweruka ankachapa zovala zake, kulemba kalata, kusewera makhadi, ndi kuwerenga masiku. Malipiro anali abwino, ndipo maola owonjezera anali ambiri, komabe ochuluka ankangogwira miyezi yowerengeka, nkulandira zawo, nkukwera sitima yobwerera.

Kodi anthu amenewa anali ayani? Ena anali a ku Canada komweko, ozolowera ntchito za m'migodi ndi yodula mitengo. Koma ambiri anali alendo ochokera ku Ulaya, kumene nkhondo inasiya mabwinja ndi umphawi: a ku Germany, Italy, Greece, Britain, ndi a ku Portugal, makamaka a pa zilumba za Azores. Ambiri sankadziwa Chingerezi, ndipo kapitawo ankachita kulankhula ndi manja. Nyumba iliyonse imene inatumizapo bambo kapena mwana ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Harare idzazindikira moyo umenewu: ndalama yotumizidwa kumudzi, chithunzi cha mkazi ndi ana m'chikwama, ndi lonjezo lakuti chaka chamawa ndibwerako.

Kampani inadziwa kuti mlendo ndi mame. Damu lingamangidwe ndi anthu ongodutsa, koma miphika ya aluminiyamu imafuna munthu wokhazikika, wodziwa ntchito, amene adzakhalapo zaka makumi awiri. Munthu wotere sakhala m'msasa. Amakhala pamene pali mkazi wake, sukulu ya ana ake, chipatala ndi tchalitchi. Nchifukwa chake Alcan inaitana Clarence Stein, katswiri wa ku New York wokonza mizinda, kuti ajambule mzinda wokwanira anthu 50,000. Stein anaika nyumba makilomita angapo kutali ndi utsi wa fakitale. Anakonza kuti nyumba ziyang'ane ku mabwalo a udzu ndi tinjira ta apansi, magalimoto azidzera kumbuyo, kuti mwana apite kusukulu osadutsa msewu woopsa. Dera loyamba linatchedwa Nechako, ndipo misewu yake inapatsidwa maina a mbalame.

Alcan inali itamangapo kale mzinda wa Arvida ku Quebec mu 1926, ndipo inadziwa kuti pamene kampani ili mwini nyumba, mwini sitolo ndiponso bwana, dandaulo lililonse la denga lodontha limasanduka mlandu wa ku ntchito. Tsono ku Kitimat inalola kuti mzinda ukhale ndi khonsolo yakeyake kuyambira 1953, ndipo inathandiza antchito kupeza ngongole zogulira nyumba. Munali nzeru ziwiri m'menemo, pakuti munthu amene ali ndi ngongole ya nyumba sathawa ntchito msanga. Mabanja oyamba analowa m'nyumba zawo mu 1954, misewu idakali matope okhaokha. Njanji yochokera ku Terrace inafika mu 1955, ndipo msewu wa galimoto unatsegulidwa mu 1957.

Pa 3 August 1954, Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II, analipo pamene chitsulo choyamba chinatuluka m'fakitale. Ambiri mwa omanga aja anavula nsapato zamatope nkulowa m'nyumba za miphika, mmene munali kutentha koopsa, fumbi ndi utsi wotsamwitsa. Mavuto sanachedwe. Mu January 1955 chipale chofewa chinagumuka kuphiri monga napolo, nkugwetsa nsanja za nthambo pa Kildala, ndipo fakitale inakhala yopanda magetsi. Mainjiniya anachita kumangirira zingwe zazikulu zachitsulo kuchokera phiri lina kukafika phiri lina, nkupachikapo nthambo kuti zilendewere pamwamba pa njira ya chigumulacho. Mu 1957 malonda a aluminiyamu anatsika pa dziko lonse, kampani inaimitsa ntchito yokuza fakitale, ndipo ambiri anachotsedwa ntchito. Apa anthu anaphunzira kuti mzinda wodalira bwana mmodzi, bwanayo akatsokomola, onse amadwala. Mu 1972 antchito anakhazikitsa bungwe lawolawo la ku Canada, ndipo mu 1976 ananyanyala ntchito pankhani ya malipiro.

Koma mbiri ya Kitimat siingathe popanda kutchula anthu amene sanajambulidwe pa mapulani a Stein. Dzina lenilenilo ndi la eni nthaka, anthu a mtundu wa Haisla, amene anansi awo a mtundu wa Tsimshian ankawatcha Kitamaat, kutanthauza anthu a m'chipale chofewa. Mudzi wawo uli tsidya lina la khwawa lija. Moyo wawo unali pa nsomba, makamaka kansomba kamafuta kotchedwa oolichan, kamene kankadzaza mtsinje wa Kitimat chaka ndi chaka. Ena mwa iwo analembedwa ntchito pa zomangazo, koma m'zaka zotsatira zonyansa za m'mafakitale ndi za mumzinda zinaipitsa mtsinje, ndipo nsomba ija inachepa ndi kununkha.

Zowawa zenizeni zinagwera anthu a mtundu wa Cheslatta, kum'mawa kwa mapiri. Madzi osefukira m'nyanja yatsopano anayenera kutayidwa kudzera m'nyanja ya Cheslatta, imene m'mbali mwake munali midzi yawo, minda yawo ndi manda a makolo awo. Mu April 1952 akuluakulu a boma ndi a kampani anawafikira madzi atayamba kale kukwera, ena ali kuthengo kotchera misampha. Pasanathe mwezi, anthu pafupifupi 200 anali atasamuka ndi zimene akanatha kunyamula, kulowera ku dera la Grassy Plains, kumene anachita kugula malo ndi kandalama ka chipukuta misozi. Nyumba zawo zinatenthedwa. Azungu a m'mbali mwa nyanja ya Ootsa nawonso anasamutsidwa, koma iwo anapatsidwa nthawi yokwanira ndi ndalama zambiri. Mu 1957, zitseko zotayira madzi zitatsegulidwa, madzi anakokolola manda, ndipo mabokosi a maliro anaoneka akuyandama. M'zaka zomwezo ku Africa kuno, anthu a mtundu wa Tonga okwana 57,000 anali kusamutsidwa m'chigwa cha Zambezi chifukwa cha damu la Kariba.

Mlandu suola. A Cheslatta analondola nkhani yawo kwa zaka makumi anayi, ndipo mu 1993 boma la Canada linawalipira. Mu 2012 kampani, imene tsopano inali m'manja mwa Rio Tinto kuyambira 2007, inawabwezera ena mwa malo awo. Ambiri mwa amene anasamutsidwa anali atamwalira tsikulo lisanafike.

Kitimat sanafikepo pa anthu 50,000 a m'maloto a Stein. Kalembera wa 2021 anapeza anthu opitirira pang'ono 8,000. Miphika yakale inazimitsidwa, ndipo fakitale yatsopano inayamba kuyenga mu 2015, ndi magetsi ochokera m'phanga lomwe lija la ku Kemano. Komabe cholinga chachikulu chinatheka, pakuti ena mwa amuna amene anabwera kudzagwira chaka chimodzi anaitanitsa akazi awo, namanga matchalitchi ndi mabungwe a mitundu yawo, ndipo zidzukulu zawo zinabadwira komweko.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Dziko lililonse lofuna chitukuko lidzafuna magetsi, madamu ndi mafakitale, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Chimene mbiri ya Kitimat ikuphunzitsa nchakuti mainjiniya anawerengera bwino mamita a madzi ndi matani a chitsulo, kampani inawerengera bwino zosowa za wantchito amene inafuna kumusunga, koma eni midzi ya m'mbali mwa nyanja anauzidwa madzi ali kale pakhomo. Pamene pakambidwa za damu latsopano kapena mgodi watsopano, funso loyamba likhale lakuti: kodi adzagone kuti omanga, ndipo kodi afunsidwa kale amene manda a makolo awo ali m'chigwamo?