Mawu Ofunika Kuwadziwa Tulo Tikathawa: Nkhawa, Mantha ndi Masabata Oyamba a Mankhwala

Anthu ambiri amene adokotala awayambitsa mankhwala a nkhawa amadabwa ndi chinthu chimodzi: m'masiku oyambirira zinthu zimatha kuipa kaye zisanayambe kukhala bwino. Munthu amene anapita kuchipatala chifukwa choti mtima sukukhala m'malo amapezeka akudzidzimuka pakati pa usiku, thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga, tulo titabalalika. Kukacha amayamba kuwakayikira mapiritsi aja, ndipo ena amawasiya sabata yachiwiri isanathe. Komatu zimene akumvazo zili ndi mayina, zifukwa komanso malire ake. Kudziwa mayinawo n'kofunika chifukwa usiku mavuto angapo osiyana amaoneka ofanana. Ena amafuna kudekha, ena amafuna kusintha kamwedwe, ndipo ena amafuna kuthamangira kuchipatala.

Tiyambe ndi mawu amene wodwala amafika nawo. Si kawirikawiri munthu kukhala pansi pamaso pa adokotala n'kunena kuti ali ndi matenda a nkhawa. Amati akuganiza kwambiri, kapena mtima ukumuthamanga, kapena BP yakwera ngakhale makina akuonetsa kuti ili bwinobwino. Anzathu a Chishona ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo mawu amenewa analowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo ku America lotchedwa DSM-5 m'chaka cha 2013, ngati njira imodzi imene anthu amafotokozera kuvutika mumtima. Achipatala amagawa kuganiza kwambiri kumeneku m'magulu. Pali kukhumudwa kokhalitsa, kumene kumalanda munthu chimwemwe ndi mphamvu. Pali nkhawa, imene imayang'ana kutsogolo: ana adya chiyani, ngongole ibwezedwa bwanji, chotupachi n'chiyani. Ndiye pali mantha adzidzidzi, amene Angelezi amati panic attack. Nkhawa imatenga masiku ndi miyezi ikudya munthu pang'onopang'ono, pamene mantha adzidzidzi amagwa kamodzin'kamodzi, amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenako n'kumatsika okha.

Dzina la mankhwalawo nalo limasokoneza. Amatchedwa ma antidepressant, ndipo wodwala akamva zimenezi amafunsa kuti akupatsidwiranji mankhwala a anthu okhumudwa pamene vuto lake ndi mantha. Dzinalo linachokera ku ntchito imene mankhwalawa anayamba kugwira, koma patapita nthawi anapezeka kuti amathandizanso pa nkhawa ndi mantha adzidzidzi. Gulu lodziwika kwambiri masiku ano ndi la SSRI, mmene muli fluoxetine, sertraline, citalopram ndi escitalopram. Fluoxetine inavomerezedwa ku America mu 1987 ndipo inatchuka ndi dzina la Prozac. Amitriptyline ndi wa gulu lakale, wa m'ma 1960. M'zipatala za boma ku Malawi, awiriwa, fluoxetine ndi amitriptyline, ndi amene munthu angakumane nawo kawirikawiri.

Serotonin ndi amodzi mwa madzi amene minyewa ya muubongo imatumizirana uthenga. Mnyewa ukatulutsa serotonin umamubwezanso mkati mwake, ndipo ntchito ya SSRI ndi kuchedwetsa kubwezako kuti serotonin akhalitse pamalo ogwirira ntchito. Kusinthaku kumayamba tsiku lomwelo, koma ubongo umatenga nthawi kuti uzolowere. N'chifukwa chake zovuta za mankhwala zimafika msanga pamene phindu lake limachedwa. Kawirikawiri pamadutsa masabata awiri mpaka anayi munthu asanaone kusintha, ndipo pa matenda a nkhawa zimatha kufika masabata 8 kapena 12 kuti mankhwala aonetse mphamvu zake zonse.

M'kati mwa nthawi yodikirayi ndi mmene mumapezeka chimene madokotala amachitcha activation kapena jitteriness, kunena kwake kutakasika kwa thupi kumene mankhwala amayambitsa. Manja amanjenjemera pang'ono, munthu sachedwa kupsa mtima, tulo timavuta, nkhawa imakwera, ndipo nthawi zina pamakhalanso nseru ndi mutu. Kwa ambiri zimenezi zimachepa m'sabata imodzi kapena ziwiri. Anthu a mantha adzidzidzi ndi amene amazimva kwambiri, popeza makutu awo amakhala kale tcheru kumvetsera chilichonse chochitika m'thupi. Pachifukwa ichi dokotala wodziwa amawayambitsa ndi mlingo wochepa, monga mamiligalamu 10 a fluoxetine m'malo mwa 20, kapena 25 a sertraline m'malo mwa 50, n'kumakweza pakapita masiku. Nthawi yomwera nayo ili ndi gawo lake. Fluoxetine imachangamutsa thupi, choncho imamwedwa m'mawa. Amitriptyline amagonetsa, choncho amamwedwa madzulo. Pali anthu amene amachezera usiku wonse chifukwa chongomwa piritsi la m'mawa pogona.

Mantha adzidzidzi a usiku ndi oopsa mwapadera chifukwa amagwira munthu amene sanali kuganiza chilichonse. Tulo tili ndi magawo: pali topepuka, pali tofa nato, ndiye pali gawo la maloto lotchedwa REM. Mantha amenewa sachokera m'gawo la maloto. Amabwera kawirikawiri m'maola oyamba a usiku, pamene munthu akuchoka mu tulo topepuka kulowa mu tofa nato. Amadzuka ali maso bwinobwino, akudziwa pamene ali, koma thupi lonse likukuwa kuti pali ngozi. Chimene chachitika n'chakuti adrenaline, amene amakonzekeretsa thupi kuthawa kapena kumenyana, watuluka popanda chifukwa. Zili ngati mlonda amene wakuwa kuti "wakuba!" pamene ndi mphepo chabe yagwedeza chitseko: mudzi wonse wadzuka ndi zibonga, koma palibe woti n'kumuthamangitsa.

Zotsatira zake zimamveka bwino ukadziwa mmene thupi limagwirira ntchito. Munthu wamantha amapuma mofulumira, n'kutaya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene ziyenera kukhalira. Izi zimabweretsa chizungulire, dzanzi m'zala ndi kuzungulira pakamwa, komanso kumva ngati akubanika ngakhale mpweya ukulowa wokwanira. Katswiri wa ku Britain David Clark anafotokoza mu 1986 kuti chimene chimakolezera mantha amenewa ndi tanthauzo limene munthu amapereka pa zimene akumva. Mtima ukagunda iye n'kuganiza kuti akufa, mantha amakula, mtima n'kugunda kwambiri, ndipo iye amaona ngati ganizo lake latsimikizika. Kudula mzere umenewu kumayamba ndi kutchula chinthucho dzina lake: awa ndi mantha adzidzidzi, afika pachimake ndipo atsika. Kenako munthu akhale tsonga, apume pang'onopang'ono, nthawi yotulutsa mpweya italike kuposa yokoka, mapazi ali pansi, osathamangira kudzigwira pamtsempha kuwerenga kugunda kwa mtima.

Pali zinthu zina za usiku zimene zimasokonezedwa ndi mantha amenewa. Maloto oipa ali ndi nkhani yake imene munthu amaikumbukira, ndipo amachuluka chakum'bandakucha. Mankhwala a SSRI amathanso kuchititsa maloto kukhala owala ndi odabwitsa. Palinso zija munthu amadzuka koma osatha kusuntha kapena kukuwa, akumva ngati wina wamukhalira pachifuwa. Ambiri kwathu kuno amati kwabwera afiti, koma achipatala amati ubongo wadzuka pamene minofu ikadali yomangika monga imakhalira nthawi ya maloto, ndipo zimatha zokha m'kanthawi kochepa. Matenda a m'thupi nawo amatha kudzutsa munthu mofananamo: mphumu, chilungulira, kutsika kwa shuga, chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, matenda a mtima, komanso kubanika kutulo kumene kumagwira anthu oliza mkonono kwambiri. Choncho munthu amene zamuchitikira koyamba, makamaka wachikulire kapena wodwala shuga ndi BP, ayenera kuyezedwa asanauzidwe kuti ndi mantha chabe. Ululu wa pachifuwa wofika kumkono kapena kunsagwada, ngakhalenso kukomoka, si zodikira kuti kuche.

Mawu akuti kusowa tulo nawo amabisa zinthu zitatu. Wina tulo sitimubwerera akangogona. Wina amagona koma amangodzukadzuka. Wina amadzuka tambala woyamba asanalire, osagonanso, ndipo mtundu wachitatuwu umayenda kwambiri ndi kukhumudwa. Arthur Spielman, katswiri wa za tulo wa ku America, anasiyanitsa zimene zimayambitsa vutoli ndi zimene zimalikhalitsa. Mankhwala atsopano akhoza kuliyambitsa, koma chimene chimalisunga ndi zimene munthu amachita pofuna kulithetsa: kukagona dzuwa litangolowa, kugona masana kuti abweze tulo totayika, kuyang'ana nthawi pafoni, kutembenukatembenuka maola ambiri akudzikakamiza. Pang'onopang'ono ubongo umaphunzira kuti pogona ndi malo ovutikira, ndipo kungoona bedi kumayambitsa nkhawa.

Njira yothetsera izi popanda mapiritsi imatchedwa CBT-I, ndipo imodzi mwa mbali zake zazikulu inachokera kwa Richard Bootzin m'chaka cha 1972. Malangizo ake ndi osavuta kumva koma amafuna khama. Munthu akagone pokhapokha tulo tabwera. Pakadutsa mphindi ngati 20 ali maso, adzuke, achite kanthu kofatsa pakuwala kochepa, ndipo abwerere akayamba kusinza. M'nyumba ya chipinda chimodzi, mmene kudzuka n'kudzutsa banja lonse, kungokhala tsonga m'masikito momwemo kumathandiza. M'mawa adzuke nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kaya wagona bwino kaya ayi. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisiyidwe dzuwa lisanapendeke, chifukwa theka la caffeine limakhala likadali m'magazi patadutsa maola pafupifupi asanu. Mowa umanyenga: umagonetsa msanga koma umaphwanya tulo ta theka lachiwiri la usiku, ndipo ukamatha m'thupi umathamangitsa mtima. Amene ali pa ma ARV auze adokotala mtundu umene akumwa. Efavirenz ankadziwika ndi maloto odabwitsa, ndipo dolutegravir, amene Malawi inayamba kusinthira mu 2019, amasowetsa tulo anthu ena, n'chifukwa chake ambiri amalangizidwa kumwa m'mawa.

Nthawi zina dokotala amapereka diazepam kuti athandize m'masiku oyambawa. Apa mpofunika kusiyanitsa mawu awiri amene anthu amawaphatikiza: kukodwa ndi kuzolowera. Diazepam ndi anzake a gulu la benzodiazepine amagwira ntchito msanga, koma thupi limawazolowera n'kumafuna ochuluka, ndipo munthu amatha kukodwa nawo. Ndicho chifukwa chake amaperekedwa kwa masabata awiri mpaka anayi okha, ndipo sayenera kukumana ndi mowa. Ma antidepressant sapatsa munthu chilakolako chotero, koma kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru, maloto oipa, kumva ngati magetsi akudutsa m'mutu, ndi nkhawa yobwerera mwamphamvu. Kumeneku si kukodwa, ndi thupi limene linazolowera ndipo likufuna kutsitsidwa pang'onopang'ono. Munthu akayamba kupeza bwino, mankhwala amapitirira kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo kusiya kumakonzedwa pamodzi ndi adokotala. Amene amakatenga mankhwala kutali aziwerengeratu masiku kuti asamuthere panjira.

Pali mawu anayi amene akafika, kudekha kumatha. Loyamba ndi akathisia, kusakhazikika kwa mkati kumene kumamulepheretsa munthu kukhala pansi: miyendo imafuna kuyenda, amazungulirazungulira, ndipo amavutika kwambiri mumtima. Lachiwiri ndi maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaika chenjezo lamphamvu pa mankhwalawa mu 2004 lokhudza ana ndi achinyamata, ndipo mu 2007 linawonjezera onse osafika zaka 25, kuti aziyang'aniridwa kwambiri m'masabata oyamba. Lachitatu ndi mania. Wosowa tulo amafuna kugona ndipo masana amakhala wotopa, koma wa mania amagona maola awiri n'kudzuka ndi mphamvu zosefukira, akulankhula osalekeza ndi kumwaza ndalama, chimene chingasonyeze matenda a bipolar. Lachinayi ndi serotonin syndrome, imene imabwera serotonin akachuluka, kawirikawiri SSRI akaphatikizidwa ndi mankhwala ena monga tramadol: thupi limatentha, minofu imagwedezeka kapena kuuma, mutu umasokonezeka. Chilichonse mwa zinayizi chimafuna chipatala tsiku lomwelo. Amitriptyline nayenso ndi woopsa ku mtima akamwedwa wambiri, choncho asungidwe patali ndi ana, ndipo ngati wodwala ali ndi maganizo oipa mapiritsi asunge wachibale.

Thandizo silili ku Zomba Mental Hospital kokha kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo uphungu wa Friendship Bench, umene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, unafikanso m'zipatala zina za ku Malawi. Koma pamzere wautali, nthawi yolankhula ndi adokotala imakhala yochepa, ndipo mawu akuti "sindikugona" okha sauza dokotala choti achite. Wodwala kapena womudikirira afike atakonzeka kunena tsiku limene anayamba mankhwala, nthawi imene amamwa, zina zonse zimene akumwa kuphatikizapo zitsamba ndi mowa, ngati vuto ndi kuyamba tulo kapena kudzuka pakati, ngati akudzuka ndi maloto kapena popanda maloto, ndiponso ngati masana amatha kukhala pansi. Mayankho amenewa ndi amene amathandiza dokotala kusankha pakati pa kudikira sabata ina, kutsitsa mlingo, kusintha nthawi yomwera kapena kusintha mankhwala.