Kulondola Tsinde la Banja

Funso loti "Kwanu n'kuti?" silinali lovuta kwa makolo athu. Munthu ankatchula mudzi, mfumu ndi mfunda wake, ndipo womfunsayo ankangodziwiratu ngati akulankhula ndi mbale kapena mlendo. Lero mwana wobadwira ku Area 23 mu mzinda wa Lilongwe akafunsidwa funso lomweli amayamba wakanda kumutu. Amadziwa nambala ya puloti, amadziwa siteji yotsikira minibasi, koma dzina la agogo amene adabereka agogo ake salidziwa. Vutoli limaonekera poyera pa maliro, pamene akuluakulu akukambirana kumene mtembo ukaikidwe, kapena pa nthawi ya chinkhoswe, pamene ankhoswe afuna kutsimikiza kuti mnyamata ndi mtsikana si amagazi amodzi.

Kuti timvetse chimene chidadula chingwe chimenechi, tiyenera kubwerera ku mbiri ya mzindawu. Boma litaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo Lilongwe adasanduka likulu mu 1975. Midzi ina ya Achewa idasamutsidwa kuti papezeke malo omangapo, ndipo anthu ofuna ntchito adakhamukira kuno kuchokera ku Dedza, Ntcheu, Dowa, Mzimba, Mulanje ndi kwina. Ambiri a iwo adapatsidwa mapuloti m'madera onga Area 23 ndi Area 25 kuti adzimangire okha nyumba. Iwowo ankati adzabwerera kumudzi akadzapuma pantchito, koma ana ndi adzukulu awo adakulira m'tauni, ndipo kumudzi kudasanduka malo ongopitako pa zovuta.

Wofuna kulondola tsinde la banja lake m'dziko muno ayenera kudziwa msanga kuti mapepala sadzamuthandiza kwambiri. M'nthawi ya atsamunda, lamulo silinkaumiriza munthu wakuda kulembetsa mwana akabadwa. Lamulo la kalembera wa mzika lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kalembera wa ziphaso za unzika, amene adalemba anthu oposa 9 miliyoni, adachitika mu 2017. Ngakhale chaka chimene Dr. Hastings Kamuzu Banda adabadwa chidali chokayikitsa: boma linkanena kuti ndi 1906, koma atamwalira ku Johannesburg mu 1997 anthu ambiri adavomereza kuti adabadwa cha m'ma 1898. Tsono ngati za mtsogoleri wa dziko zidali choncho, nanga za mlimi wamba wa kwa Tsabango?

Nkhokwe yeniyeni ya mbiri ya banja ili m'mitu ya okalamba, makamaka amayi. Achewa amawerenga ubale kudzera kuchikazi. Ana a mayi mmodzi ndiwo bele limodzi, ndipo pamudzi pamakhala bele lalikulu ndi bele laling'ono malinga ndi kubadwa kwa amayi amene adayambitsa mabelewo. Mwamuna ankapita kukakhala chikamwini kwa mkazi, ndipo mwini mbumba adali malume, osati bambo. N'chifukwa chake gogo wamkazi amatha kutchula mayi wake, mayi wa mayi wake mpaka mibadwo inayi kapena isanu osapunthwa, koma mukamfunsa za amuna amene adakwatira pamudzipo amangoti, "Adali obwera amenewo." Wophunzira amene atenga pepala lojambulidwa mwa Chingerezi, loika bambo pamwamba ndi kutsata dzina lake, adzasokonezeka asadafike patali, pakuti ufumu ndi minda mwa Achewa sizidadzere njira imeneyo.

Nkhani ya mfunda nayo ili ndi msampha wake. Kale mwana wa Mchewa ankatenga mfunda wa mayi wake: mayi akakhala Naphiri, mwananso adali Phiri. Angoni atafika, zinthu zidayamba kusintha. Gulu la Zwangendaba lidawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa, ndipo Angoni a Maseko adadzakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu. Iwowa amatsata kuchimuna, ndipo pang'onopang'ono Achewa ambiri adatengera zotchedwa ndi chiwongo cha bambo. Sukulu, mpingo ndi ofesi za boma zidalimbitsa chizolowezi chatsopanochi pofuna kuti munthu aliyense akhale ndi dzina lachiwiri lochokera kwa bambo. Chotero m'banja limodzi mutha kupeza agogo amene adali Banda chifukwa cha mayi awo, ndi mdzukulu amene ali Mbewe chifukwa cha bambo ake. Pofunsa, tsono, musakhutire ndi yankho loti "Adali a Mwale." Funsaninso kuti, "Umwalewo adautenga kwa yani?"

Komanso munthu mmodzi ankakhala ndi maina angapo. Lidalipo dzina la paubwana, limene ankalisiya akavinidwa, ndipo kumutchula nalo pambuyo pake kudali kumunyoza. Lidalipo dzina la ubatizo, ndi lina limene kalaliki wa ku mgodi kapena kapitawo wa pa esiteti adamulemba nalo chifukwa lenilenilo lidamkanika. Akalowa ufumu, maina onsewo ankakwiririka ndi dzina la mpando, kotero kuti mafumu asanu otsatizana amamveka ngati munthu mmodzi amene adakhala zaka 150. Ambiri amene amakangana za ufumu masiku ano amagwa pa mfundo yomweyi.

Nanga zaka tingazidziwe bwanji pamene okalamba sadasunge kalendala? Iwo amawerenga ndi zochitika. Akati mwana adabadwa pa nkhondo ya Chiwaya, akunena zaka za 1914 mpaka 1918. Akatchula Chilembwe ndiye kuti ndi 1915. Akatchula chimfine chimene chidapulula anthu nkhondo itangotha ndiye 1918 kapena 1919. Njala yaikulu ndi 1949. Kumangidwa kwa atsogoleri a Congress ndi 1959. Gogo akanena kuti, "Pa njala ija ndidali nditangotha msinkhu," mwapeza kale kuti adabadwa cha m'ma 1935, ndipo kuchokera pamenepo mutha kuyerekeza zaka za abale ake onse. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, naye adadalira okalamba pamene ankawayendera ndi kulemba buku lake la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940.

Mapepala amene alipo ndi a mipingo makamaka. Amishoni a Dutch Reformed Church adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika adatsegula Mua mu 1902, kenaka Likuni. Onsewa ankalemba maina a obatizidwa ndi okwatitsidwa, kawirikawiri pamodzi ndi mudzi ndi maina a makolo. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, National Archives, imene idayamba mu 1947. Kumeneko kuli mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi ya m'maboma awo. Koma tiziwerenga mabukuwa mochenjera, chifukwa mzungu ankalemba zimene womasulira wamuuza, ndipo womasulirayo nthawi zina adali ndi mbale amene ankafuna mpando.

Chingwe chimadukanso kwambiri pa matchona. Amuna zikwizikwi adapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ena kudzera mwa Mthandizi, ena mwa Wenela, ena pansi wokhawokha. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, boma lidaimitsa ulendo wa ku migodi. Udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA ndi kuthanso mu 1988. Ambiri sadabwerere. Adakwatira komweko, ndipo lero ku Mbare ndi ku Mufakose mu Harare kuli a Phiri ndi a Banda amene amavina gule koma mudzi wa agogo awo saudziwa. Kachiphaso ka ku mgodi kamene kali m'sutikesi ya agogo si kachabechabe: makampani a migodi ya golide atavomera kulipira ogwira ntchito amene adadwala matenda a m'mapapo kuyambira mu 1965, bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa mu 2020, ndipo banja lopempha chipepeso m'malo mwa womwalira liyenera kuonetsa kuti munthuyo adagwiradi ntchito kumeneko ndi kuti iwo ndi abale ake enieni.

Apa ndi pamene intaneti imathandiza. Pa Facebook ndi pa WhatsApp, mdzukulu wa mtchona wa ku Zimbabwe amatha kulemba dzina la mudzi ndi la mfumu, ndipo wina wa ku Kawale kapena ku Chinsapo amazindikira kuti ndi kwawo. Tsamba la FamilySearch, limene ndi la mpingo wa Latter-day Saints, limalola munthu kulemba mibadwo ya banja lake mwaulere. Tsamba la Commonwealth War Graves Commission lili ndi maina a asilikali ena a King's African Rifles amene adafera ku nkhondo, ngakhale bungwelo lidavomera mu 2021 kuti anthu akuda oposa 100,000 amene adafa pa nkhondo yoyamba ija sadalembedwe maina. Atengatenga athu ambiri ali m'gulu limenelo. Kompyuta imabweza zokhazo zimene wina adalemba, ndipo maina a Phiri ndi Banda ndi ochuluka kotero kuti kupeza dzina lofanana ndi la agogo anu si umboni woti mwapeza agogo anuwo.

Chotero poyambira ndi pakhonde la gogo wamkulu wa m'banjamo, ndi kope ndiponso foni yojambulira mawu. Osapita chimanjamanja, ndipo osafunsa ngati wapolisi. Khalani pansi, mlekeni ayambe ndi nkhani imene akufuna. Pa munthu aliyense lembani maina ake onse, mfunda ndi kumene adautenga, mudzi, mfumu yaikulu, ndi manda amene adagonamo. Mukatero kafunseni gogo wina wa bele linalo payekha, ndipo pamene awiriwo asiyana lembani zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la amene wanena. Pena gogo adzangoti zii mukafika pa dzina lina, makamaka la munthu amene adabwera pamudzi ngati kapolo kapena wogwidwa pa nkhondo ya Angoni. Pamenepo siyani mpata m'kopemo, ndipo mudzafunsenso ulendo wina pamene palibe anthu ena omvetsera.