Mbiri ya Ntchito Yolipidwa m'Malawi

Ntchito yolandira ndalama inafala m'dziko muno chifukwa cha msonkho. Atsamunda atayamba kutolera msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, mlimi amene ankadzidalira pa munda wake anakakamizika kukafuna shilingi kwa mzungu. Ena anagwa m'thangata m'minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, nkhanza zomwe zinathandiza kuutsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Ambiri analowera ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi, ena paselefu, ndipo osabwerera anatchedwa matchona.

Chaka chimene chinatembenuza zinthu ndi 1974. Pa nthawiyo Amalawi oposa 100,000 ankakumba m'migodi ya ku South Africa, ndipo ndalama zawo ndizo zinkafolera nyumba ndi malata, kugula njinga ndi kulipira fizi m'midzi. Mu Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Chisoni chinalipodi, koma lamulolo linagwirizananso ndi zofuna za maesiteti a fodya amene ankatsegulidwa ku Kasungu, Mchinji ndi madera ena, ambiri mwa iwo a kampani ya Press, a nduna ndi a akuluakulu a chipani. Maesitetiwo ankasowa manja, ndipo amuna obwerera kuchokera ku Joni anawapeza akudikira. Lamulo lina linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale. Zokolola zake ankagulitsa ku ADMARC pa mtengo wotsika, phindu lake n'kukathandiza kukuza maesiteti omwewo. Choncho kukwera kwa chuma kwa zaka zimenezo, kumene ambiri amayamikira nako boma, kunasenzedwa kwenikweni ndi matenanti ndi aganyu. Iwowo ndiwo oyenera ulemu, ngakhale kuti malipiro awo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a kumigodi. Ulendo wa ku Joni unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, koma mwapang'ono, ndipo unatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyezetsa magazi a HIV.

M'zaka za m'ma 1970 amwenye analamulidwa kuchoka m'misika ya kumidzi n'kupita m'mizinda. Masitolo anasiyidwa kwa Amalawi, koma ambiri anagwa posowa mpamba ndi katundu.

Makampani akuluakulu anayamba kufooka pamene ndondomeko za World Bank ndi IMF zinafika mu 1981. Lamulo logulitsa makampani a boma la 1996 linachotsa anthu ambiri ntchito. Ulamuliro wa Bakili Muluzi unatsegulira geni njira, mavenda nadzaza misewu ya Limbe ndi Lilongwe mpaka boma la Bingu wa Mutharika linawasamutsira m'misika mu 2006.

Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito alibe ntchito yokhazikika ya mgwirizano ndi penshoni, ndipo 64 mwa 100 ali mu ulimi. Ambiri mwa otsalawo ndi odzilemba okha: wogulitsa kaunjika, wa kabaza, telala wa pakhonde, mayi wa zitumbuwa. Bizinesi zotere nthawi zambiri zimakhala za munthu mmodzi kapena banja, ndipo sizikula n'kufika polemba ena, makamaka chifukwa cha chiwongoladzanja chokwera ndi kuzimazima kwa magetsi. Utenanti unathetsedwa mwalamulo mu 2021, pamene achinyamata a ku Mangochi ndi Mzimba akupitabe ku Joni pa basi, tsopano opanda kontilakiti iliyonse.