Kompyuta ya Linux Ikangoti Zii: Mmene Mungapezere Pamene Mau Atsekeka

Limodzi mwa mabvuto amene amagwetsa ulesi anthu amene angoyamba kusewenzetsa Linux ndi lakuti kompyuta imakana kutulutsa mau. Zithunzi zimaoneka bwino, intaneti imagwira, koma nyimbo kapena nkhani za pa wailesi sizimveka. Ena amaganiza kuti sipika yapsa ndipo amataya ndalama kwa okonza. Ena amafafaniza Linux yonse n'kubwerera kumene anacokera. Komatu kawiri-kawiri palibe cimene caonongeka. Mau amadutsa pa zipata zingapo asanafike kukhutu, ndipo cimodzi cikatsekeka, kompyuta yonse imakhala cete. Cofunika ndi kupeza cipataco, kuyambira kunja kulowa mkati.

Zipata zake

Pansi penipeni pali ALSA, mbali ya Linux imene imalankhula ndi kacipangizo ka mau kochedwa sound card. Anaiyambitsa ndi a Jaroslav Kysela a ku Czech Republic mu 1998, ndipo inakhala njira yaikulu ya mau pamene Linux 2.6 inatuluka mu December 2003. Pamwamba pa ALSA pamakhala pulogalamu ina imene imalandira mau ocokera ku mapulogalamu osiyana-siyana, kuwasakaniza, ndi kusankha kumene atulukire. Kwa zaka zambiri nchito imeneyi inali m'manja mwa PulseAudio ya a Lennart Poettering, imene Fedora inayamba kusewenzetsa mu 2007 ndipo Ubuntu inatsatira mu 2008. Pambuyo pake kunabwera PipeWire ya a Wim Taymans, imene inalowa m'malo mwa PulseAudio mu Fedora 34 mu 2021, mu Ubuntu 22.10 mu 2022, ndi mu Linux Mint 22 mu 2024. Pamwamba pa zonse pali pulogalamu imene mukumvetserapo, yomwenso ili ndi voliyumu yake-yake.

Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa munthu amene akufuna thandizo. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa m'nthawi ya PulseAudio, ndipo ena mwa iwo amauza munthu kucotsa mapulogalamu kapena kusintha mafaelo amene kompyuta ya PipeWire siiwerenga n'komwe. Wowatsatira mwakhungu angathe kuonjezera bvuto laciwiri pamwamba pa loyamba. Conco dziwani coyamba cimene muli naco. Tsegulani Terminal, imene mu Ubuntu ndi Linux Mint imabwera mukakanikiza Ctrl, Alt ndi T pamodzi, ndipo lembani pactl info. Mzere wa Server Name ukachula PipeWire, ndiye kuti muli pa njira yatsopano. Lamulo limeneli likapanda kupezeka, yesani wpctl status.

Zakunja ndi zosankha

Zoyamba kuona ndi zimene anthu amacita nazo manyazi kufunsa. Pa kompyuta ya patebulo, nthambo ya sipika imalowa pa kabowo kobiriwira. Kapinki ndi ka maikolofoni, ndipo kabuluu ndi kolowetsera mau ocokera ku cipangizo cina. Masipika ambiri amafuna magetsi aoao ndipo ali ndi kotembenuza voliyumu. Pa laputopu pali batani lotsekera mau limene limakanikizidwa mosadziwa. Mu Firefox kapena Chrome, tsamba limodzi lingatsekedwe mau pamene ena akumveka.

Kenaka pitani ku Settings, sankhani Sound, ndi kuona cimene casankhidwa pa Output. Pano ndi pamene anthu ambiri amapezera yankho. Nthambo ya HDMI imanyamula zithunzi ndi mau omwe, motero mphunzitsi akalumikiza laputopu ku pulojekita, kapena wa mu ofesi akalumikiza sikirini imene ilibe sipika, mau angathe kutumizidwa kumeneko n'kukasowa potulukira. Sankhaninso masipika a kompyuta. Pulogalamu ya pavucontrol imaonetsa zambiri kuposa Settings ndipo imagwiranso nchito pa PipeWire. Pa Playback imaonetsa voliyumu ya pulogalamu iliyonse, ndipo pa Configuration imaonetsa ngati sound card yaikidwa pa Off. Pa makompyuta ambiri, cosankha coyenera pamenepo ndi Analog Stereo Duplex, cimene cimalola kumva ndi kujambula mau nthawi imodzi.

Alsamixer

Zimenezi zikakhala bwino koma kukali cete, tsikani ku ALSA. Lembani alsamixer mu Terminal. Cimene cidzaonekera cimaopsa munthu wacilendo, pakuti ndi mizati yoimirira yopanda pokanikiza ndi mausi, koma cimangofuna mabatani ocepa. F6 ndi losankhira sound card, ndipo muyenera kusankha yeniyeniyo mwa dzina lake, cifukwa mzati umodzi umene umaoneka poyamba nthawi zambiri ndi wa PipeWire kapena PulseAudio cabe. Mivi ya kumanzere ndi kumanja imakuyendetsani pa mizati, ya kumwamba ndi pansi imakweza ndi kutsitsa.

Yang'anitsitsani pansi pa mizati ya Master, Speaker ndi Headphone. Zilembo MM zitanthauza kuti njira imeneyo ndi yotseka, ngakhale mzati utakwera mpaka pamwamba. Kanikizani M kuti zisinthe kukhala OO. Kacinthu kakang'ono kameneka kagonetsa anthu ambiri mocedwa, cifukwa voliyumu ya pa sikirini imaonetsa kuti zonse zili bwino.

Palinso Auto-Mute Mode, imene imatseka masipika mukalowetsa mahedifoni. Kabowo ka mahedifoni kakalowa fumbi kapena kakatha, monga zimakhalira pa malaputopu ogwirapo kale nchito, kompyuta ingaganize kuti mahedifoni alimo nthawi zonse. Kuika Auto-Mute Mode pa Disabled kumabwezera mau ku masipika. Tulukani ndi Esc, kenaka lembani sudo alsactl store kuti zimene mwasintha zisungidwe. Poyesa, lembani speaker-test -c 2 -t wav. Liu liyenera kumveka kumanzere kenaka kumanja, ndipo Ctrl ndi C amaliletsa. Sinthani cinthu cimodzi, yesani, ndi kulemba m'kabuku cimene mwacita, kuti mudziwe pobwerera ngati zinthu zaipiraipira.

Pamene palembedwa Dummy Output

Mau akuti Dummy Output mu Settings atanthauza kuti pulogalamu yosakaniza mau siikuona sound card iliyonse. Lembani aplay -l, ndipo cilembo cotsirizaco ndi L wamng'ono, osati nambala 1. Ngati maina a zipangizo aoneka, ndiye kuti ALSA ili bwino ndipo bvuto lili pamwamba. Pa PipeWire lembani systemctl --user restart pipewire pipewire-pulse wireplumber, popanda sudo. Pa PulseAudio lembani pulseaudio -k.

Yankho likakhala lakuti no soundcards found, bvuto lili pansi. Malaputopu ambiri atsopano a Intel amafuna timafaelo tochedwa Sound Open Firmware kuti kacipangizo ka mau kadzuke. Mu Ubuntu ndi Debian timapezeka m'phukusi la firmware-sof-signed, mu Fedora ndi alsa-sof-firmware, ndipo mu Arch Linux ndi sof-firmware. Mukaika phukusilo, zimitsani kompyuta ndi kuiyatsanso. Nthawi zina laputopu imakhala yatsopano kuposa Linux imene yaikidwamo, ndipo mankhwala ake ndi kuika mtundu watsopano wa Linux. Onaninso mu BIOS ngati mau sanatsekedwe kumeneko, makamaka pa makompyuta ocokera m'maofesi.

Amene ali ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi acenjere ndi Fast Startup, imene inayamba ndi Windows 8 mu 2012. Njira imeneyi siizimitsa kompyuta kotheratu, ndipo ingasiye zipangizo zina zili m'njira imene Linux imalephera kuzidzutsa. Kuitseka mu Power Options ya Windows kumathetsa bvutoli pa makompyuta ena.

Maikolofoni ndi Bluetooth

Za maikolofoni zimatsata njira yomweyo: onani Input mu Settings, kanikizani F4 mu alsamixer, ndipo lembani arecord -l. Koma mahedifoni a Bluetooth ali ndi khalidwe limene limadabwitsa. Ali ndi njira ya A2DP, ya mau abwino omvetsera cabe, ndi ya HFP kapena HSP, imene imatsegula maikolofoni koma mau ake amakhala opyapyala ngati a pa lamya. Nyimbo zikasintha mwadzidzidzi mutalowa msonkhano wa pa Zoom, mahedifoni sanafe. Bwererani ku A2DP pa Configuration ya pavucontrol.

Zonse zikakanika, yatsani kompyuta kucokera pa fulashi imene ili ndi Linux yatsopano, osaiika m'kompyuta. Mau akamveka pamenepo, masipika ali moyo ndipo bvuto lili m'zimene zinasinthidwa. Akapanda kumveka pa fulashi ngakhalenso pa Windows, mpamene muyenera kuganizira zopita kwa okonza. Ngati sound card ndiyo yafa, kacipangizo ka mau kolowetsa pa USB kangalowe m'malo mwake, ndipo Linux imazindikira tambiri mwa timeneti popanda kuikamo pulogalamu ina.