Louis Favre: Kalipentala Amene Anaboola Phiri la Gotthard

M'chaka cha 1872, dziko la Switzerland linkafuna munthu woti aboole phiri la Gotthard kuti njanji yochokera ku Germany ikafike ku Italy. Ntchitoyo inagwera Louis Favre, mwana wa kalipentala wobadwa mu 1826 kufupi ndi Geneva. Sukulu ya uinjiniya sanapiteko. Luso lake analitolera pa maganyu omanga njanji ku France.

Chomwe chinamupatsa kontrakiti ndi kulimba mtima kopyola muyeso. Mphanga ya njanji ya Mont Cenis, yaifupi kuposa ya Gotthard, inali itadya zaka pafupifupi 14. Iye analonjeza kukumba makilomita 15 m'zaka 8 zokha, nasainira kuti akachedwa azilipira chindapusa cha mafuranki 5,000 patsiku.

Anayamba kukumba mbali zonse ziwiri, ku Göschenen kumpoto ndi ku Airolo kummwera, ndi makina oboola thanthwe oyendera mpweya komanso dainamaiti. Koma phiri silinasaine nawo pangano. Madzi ankatuluka m'ming'alu mwamkokomo, malo ena miyala yofewa inkaphwanya zipilala, ndipo mkati kutentha kunkapitirira madigiri 30.

Ovutika kwenikweni anali antchito, ambiri a iwo amphawi ochokera ku Italy. Ankapuma utsi wa mabomba, kugona mothithikana, kudwala njoka za m'mimba zoyamwa magazi. Atanyanyala ntchito ku Göschenen mu July 1875, anayankhidwa ndi mfuti, anayi n'kufa. Onse omwalira pa ntchitoyi anali pafupifupi 200, osawerengera odwala amene anakafera kwawo. Apa Favre sangasambe m'manja: changu chothawa chindapusa ndicho chinkathamangitsa anthuwo.

Nayenso sanaone mapeto. Pa 19 July 1879 anagwa n'kumwalira mkati mwa mphangayo akuyendera ntchito, ali ndi zaka 53.

Magulu awiri okumba aja anakumana kumapeto kwa February 1880, atasemphana ndi masentimita 33 okha. Munthu asanadutse, analowetsa pa kabowo chithunzi cha Favre kuti ayambe kuwoloka ndi iye.

Sitima zinayamba kudutsa mu 1882, kampani ya Favre ili m'ngongole zosaneneka. Mphangayo ikugwirabe ntchito, ngakhale kuti kuyambira 2016 sitima zambiri zimadzera ina yatsopano ya makilomita 57, pansi pa phiri lomwelo.